Tsiku Limene Mfumu Gwedeza Inatsegulira Mankhwala a Mphiri

Mu Ufumu wa Ndiyambendine munali mwambo umodzi umene ngakhale mwana wakumsana ankaudziwa: chinthu chilichonse chatsopano, woyamba kuchilawa anali Mfumu Gwedeza. Akakumba mjigo, anthu ankamwabe za m'chithaphwi kufikira Mfumu itabwera kudzapopa. Akamanga mlatho, ankawolokerabe kunsi kwake atapinda mathalauza, uku akuuyamikira kuti uli ndi mthunzi wabwino. Chimbudzi cha pamsika wa Tazolowera chinakhala chokhoma dzinja lathunthu chifukwa Mfumu inali itadzimbidwa. Odandaula analipo ndithu, koma ankadandaulira m'bulangete.

Woonetsetsa kuti mwambowu ukutsatidwa anali Yotamu Kamwaza, Msungi wa Sizasi wa Ufumu. Ntchito yake inali kumanga kansalu kofiira pa chinthu chatsopano, kukhoma loko, n'kudikira tsiku limene Mfumu idzadzuke ndi mtima wodula. Anali munthu wofatsa, wa jekete lositidwa bwino, ndipo ntchitoyo ankaikonda moti akaona chitseko chopanda loko m'manja munkamuyabwa. Sanaganizepo kuti loko angapweteke munthu, kufikira m'mawa umene mkazi wake Nangondo anaponda mphiri akukumba mbatata kudimba.

Anakamupeza ku chipatala cha Pepani atagona chagada, mwendo utatupa mpaka m'bondo. Nangondo anali mayi wosadziwa kulira pagulu. Zikamupweteka ankayamba nthabwala, ndipo tsikulo nthabwalazo zinali zambiri.

"Mwafika, a Kamwaza? Sizasi mwatenga? Adokotala akuti madzulo pangafunike chodulira."

Yotamu sanaseke. Dokotala Zelifa Kalonjere anamugwira mkono n'kutuluka naye pakhonde. Pamenepo panali filiji yokulungidwa ndi kansalu kofiira, loko ali lende, msilikali atakhala pambali mfuti ili pamiyendo. Amene anamanga kansaluko anali Yotamu yemweyo mvula isanayambe, ndipo mfundo yake inali yokongola kwambiri.

"Mankhwala a akazi anu ali umo," anatero dokotala. "Dzuwa likalowa asanawalandire, mwendowo tidula. Za mawa sindikulonjezani kanthu."

Nkhani ya mankhwalawo ufumu wonse unkaidziwa. Kale mankhwala a njoka ankachokera kunja, kumene ankabaya mahatchi ndi ululu pang'onopang'ono n'kumawakama magazi. Ankafika mwa apo ndi apo, ndipo akafika ankapezeka kuti njoka za ku Ndiyambendine sakuzidziwa. Dokotala Kalonjere anapeza njira ina, ndipo anapita kukaifotokoza pabwalo la Mfumu.

"Mwini Dziko," iye anatero tsiku limenelo, "pali tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mafeji, timene timaswana m'mabakiteriya. Ine ndatiweta miyandamiyanda, ndipo kalikonse ndakaveka kambedza kosiyana ndi ka kanzake. Ndimapaka ululu wa mphiri m'kambale, n'kuthiramo khamu lonselo, kenako n'kutsuka. Timene tilibe pogwira timapita ndi madzi. Timene mbedza yake yakola ululu timatsala."

"Ndiye otsalawo mumawatani?" inafunsa Mfumu.

"Ndimawadyetsa kuti aswane, n'kuwathiranso pa ululu, n'kutsukanso mwamphamvu kuposa poyamba. Pomaliza pamatsala okakamira enieni, oti ngakhale mutsuke chotani sataya. Mbedza za amenewo ndi zimene tachulukitsa kukhala mankhwala. Zikalowa m'magazi zimakagwira ululu uja n'kuumanga manja."

Mfumu inaseka mpaka chisoti chinapendekeka. "Mayi uyu watibera nzeru. Ife nduna zathu timazisankha chomwecho kuyambira kalekale. Timathira, n'kutsuka, n'kuona wotsala."

Nduna zonse zinaseka nawo, iliyonse itagwiritsa mpando wake ndi manja awiri. Palibe amene anafunsa kuti m'fanizo limenelo ululu ndi ndani.

Vuto linabuka chisangalalo chitatha. Mankhwalawo anali atsopano, choncho woyamba anayenera kukhala Mfumu. Koma mankhwala a njoka sabaya munthu amene sanalumidwe. Bwalo linakhala pansi, linadya, linakhalanso pansi, mpaka Nduna ya Zokwawa, a Ndavomera, inapeza yankho: agwire mphiri, aizule mano, ndipo patsiku lotsegulira ingogunda mkono wa Mfumu ndi nkhama. Mphiri inagwidwa, inazulidwa mano, n'kupatsidwa chipinda kunyumba ya Mfumu ndi makoswe onenepa.

Tsikulo ndi limene linkangosuntha. Poyamba ankadikira zitenje za mwambo. Zitafika, zinabwezedwa chifukwa pa zithunzi zake njoka inatuluka yooneka bwino kuposa Mfumu. Kenako kwaya sinagwirizane za nyimbo. Kenako mkono woti ulumidwewo unatuluka chithupsa. Nthawi yonseyo anthu olumidwa ankabwera ku Pepani pangolo, n'kumadutsa pa filiji ija, ena n'kutuluka ndi mwendo umodzi, ena n'kutulukira kukhomo la kuseri. Yotamu ankazimva zimenezi monga munthu amamvera za mvula imene yagwa kwa eni.

"Kiyi ali m'thumba mwanu," anatero dokotala chapansipansi pakhonde paja.

Yotamu anayang'ana msilikali, msilikali naye anamuyang'ana. Onse atatu ankalidziwa lamulo: chinthu chimene munthu wamba wayamba kuchilawa chadetsedwa, ndipo chimaphwanyidwa. Mjigo wina anauthira simenti chifukwa mayi wina waludzu anapopa. Akanathyola lamulolo, timabotolo tonse tikanapondedwa ndi majombo, mafeji n'kutenthedwa, mwinanso jakisoni asanafike n'komwe pa mkono wa Nangondo. Yotamu anamva chisoni ndi manyazi pamodzi, ndipo sanadziwe kuti ayambe kumva chiti. Anatuluka osatsanzika.

Njira ya kunyumba ya Mfumu inkadutsa pamsika wa Tazolowera, pamene Nangondo ankagulitsa mbatata. Malo ake anali pululu, anzake atangoyalapo thumba kuti wina asalande.

"A Kamwaza, tamva. Pepanitu," anatero mayi wogulitsa tomato. "Koma njokayo ndi yamwano. Kuluma munthu wamba Mfumu isanalumidwe? Imangidwe imeneyo."

"Sinaphunzire," anayankha bambo wosoka nsapato, osadzutsa mutu. "Yophunzira ili kunyumba ya Mfumu. Akuti yanenepa moti posachedwa aipatsa galimoto."

"Inu musadandaule, mankhwalawo atsegulira," anatero mayi wina wogulitsa usipa. "Mdzukulu wa Nangondo adzabayitsa."

Ankaseka, koma maso awo sankaseka, ndipo mayi wa tomato uja ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Yotamu anafuna kupitirira, koma wosoka nsapato anawonjezera mawu.

"Mfumu yathu ine ndinaiona ikufulumira kamodzi kokha. Inamva kuti Mfumu Msatsalire ya ku Tsidyalina yagula chipewa cha nthenga. Tsiku lomwelo nkhanga zonse za muno zinagona zosavala."

Yotamu anaima. Pa moyo wake wonse anali asananamepo pabwalo la Mfumu, osati chifukwa cha chilungamo, koma chifukwa panalibe amene anamufunsapo kanthu. Anakonza kolala ya jekete n'kuyamba kuthamanga.

Anapeza bwalo lili pa nkhani yaikulu: kodi dengu lonyamulira mphiri likhale ndi chivindikiro chamtundu wanji. Nduna Yaikulu, a Kakamira, inali itaima ikufotokoza kuti chobiriwira chikuimira chitukuko pamene chachikasu chikuimira chitukuko china. Yotamu anagwada, anaomba m'manja, n'kudikira kuti Mfumu imuone.

"Msungi wa Sizasi, wasanduka wothamanga liti?"

"Mwini Dziko, ndabwera ndi mphekesera yoipa. Akuti Mfumu Msatsalire ilumidwa ndi njoka mawa m'mawa, pamaso pa anthu ake onse."

Mfumu Gwedeza inatsamira kutsogolo.

"Mankhwala ali nawo?"

"Alibe, Mwini Dziko. Akungofuna kuyamba."

"Ndi khalidwe lake limenelo," inatero Mfumu. "Kuyambira tili ana. Munthu wansanje, wosafuna kuona mnzake akulumidwa." Inaimirira n'kumenyetsa ndodo pansi. "Lembani. Mwambo uchitika lero, pamsika, dzuwa likapendeka. Zitenje zimene zilipo zivalidwe chotembenuza. Kwaya iimbe nyimbo iliyonse imene ikuidziwa. Ndipo kuyambira pano mpaka madzulo, njoka zonse za m'malire ndi Tsidyalina zisaloledwe kuwoloka."

Nduna zinaomba m'manja. A Kakamira ananena kuti iwo anali atatsala pang'ono kupereka maganizo omwewo.

Yotamu anapita ndi a Ndavomera kukatenga mphiri. Anaipeza itadzipinda pa khushoni, itanenepa ngati munsi wosinjira, ikuoneka kuti moyo wa boma waizolowera. Atatsegula chitseko inadzutsa mutu, n'kuyasamula mwaulesi. M'kamwamo Yotamu anaona mano awiri aatali, opindika, oyera mbee. Mano a mphiri amameranso, ndipo iyi inali itapatsidwa dzinja lonse kuti ichite zimenezo mosafulumira.

Akanena, mwambo uimitsidwa, ndipo mwendo wa Nangondo upita. Akapanda kunena, ndiye kuti wapereka mkono wa Mfumu kwa njoka yamoyo. Poti anali munthu woleredwa bwino, anasankha kunena, koma monong'ona.

"Bwana, ndaona ngati m'kamwamo muli mano."

A Ndavomera sanayang'ane n'komwe. "A Kamwaza, mano a njoka iyi anachotsedwa ndi chigamulo cha bwalo. Kodi bwalo linakhalaponso n'kuwabwezera?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Palibe, bwana."

Yotamu anali asanaulemekezepo ulamuliro ndi mtima wonse ngati mmene anachitira pamenepo. Anavindikira dengu bwinobwino n'kulinyamula patali ndi thupi lake.

Pamsika anthu anali atadzaza, ena atakwera pa denga la chimbudzi chija. Asilikali anabweretsa filiji pangolo, kansalu kake kakupepeluka. Dokotala Kalonjere ankaitsatira pambuyo, nkhope ili gwaa. Yotamu anamuyandikira.

"Adokotala, mankhwalawa amagwiradi ntchito? Ndikutanthauza pa munthu woti walumidwa zenizeni."

Dokotala anamuyang'ana, n'kuyang'ana dengu. Anangotuma namwino kuti akatenge dilipi.

"Amagwira," anatero. "Koma timabotolo n'tochepa, ndipo munthu mmodzi amafuna tingapo. Mwaiwala kuti Mfumu ikatha pamabwera nduna?"

Yotamu anali ataiwaladi. Mwambo unkati Mfumu ikalawa, nduna zilawe motsatana maudindo, kenako akazi awo, kenako alamu awo, anthu wamba pamapeto. Ndipo nduna za ku Ndiyambendine sizinkalawa mwamanyazi. Zikanafola kuti mphiri izigunde ndi nkhama, iliyonse n'kulandira kabotolo kake, Nangondo akanatsala ndi fungo lokha. Dzuwa linali litayamba kutsika.

Ng'oma zinalira, kwaya inaimba nyimbo ya ukwati poti ndi imene inkaidziwa, ndipo Mfumu inakwera pa nsanja itapinda dzanja la mkanjo.

"Anthu anga," inayamba motero. "Makolo athu ankati akaona njoka, amathawa. Atsamunda ankati akaona njoka, amaijambula. Koma ife lero njoka taiitana, ndipo yabwera. Dziko lonse lapansi lidziwe, makamaka ena ake a tsidya linalo, kuti mfumu yoyamba kulumidwa mwa kufuna kwake ndi Gwedeza. Mkono uwu ndaupereka chifukwa cha inu."

"Winawo anatilanda nawo mbuzi," ananong'ona wosoka nsapato, ndipo amene anali pafupi anatsokomola.

Yotamu anatsegula dengu. Mfumu inapisamo mkono ikumwetulira kwa ojambula. Mphiri inali itagwedezeka ulendo wonse, ng'oma zikuisokosera, ndipo nthawi ya khoswe wake inali itadutsa. Sinadikire kuti Nduna ya Zokwawa iipatse chizindikiro.

"Mayo ine!" inakuwa Mfumu, n'kudumpha chisoti chikugwera uko.

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu. Amayi anaimba nthungululu. "Koma chaka chino akusewera bwino," anatero mayi wa usipa. "Potsegulira mlatho sanalire chonchi."

Mfumu inkagudubuzika pa nsanja ikuitana mayi ake amene anamwalira kalekale. Magazi ankatuluka pa timabowo tiwiri, ndipo dzanja linayamba kufufuma anthu akuona. A Ndavomera anawerama n'kuitsimikizira kuti malinga ndi chigamulo cha bwalo, sikumva kupweteka kulikonse. Mfumu inawamenya ndi dzanja labwinolo.

"Bayani, mayi, bayani," inachonderera dokotala. "Zolankhula tidzamaliza tsiku lina."

"Filiji ndi yotseka, Mwini Dziko," anatero dokotala modekha.

Yotamu anagwada n'kupereka sizasi pa mbale yake, monga ankachitira nthawi zonse. Mfumu inadula kansaluko ndi dzanja lamanzere, popanda pemphero, popanda kuyang'ana ojambula. M'mbiri yonse ya ufumuwo palibe chinthu chimene chinatsegulidwa mofulumira chotero. Dokotala anaika dilipi, mbedza za mafeji okakamira aja zinalowa m'magazi achifumu n'kuyamba ntchito yake, ndipo patapita kanthawi kubuula kwa Mfumu kunayamba kutsika. Inagona chagada ikupuma mwabefu, mkono uli ngati chipika.

Tsopano maso onse anali pa Msungi wa Sizasi, poti ndiye ankaitana wotsatira. Yotamu anayang'ana timabotolo totsala, n'kuyang'ananso dzuwa. Ananyamula dengu lija, mphiri ikufwenthera m'katimo, n'kukaima pamaso pa Nduna Yaikulu.

"Mwambo ukupitirira," analengeza mokweza. "Olemekezeka a Kakamira, mkono."

A Kakamira anali asanakanepo kukhala wachiwiri pa chilichonse. Anayang'ana dengu, anayang'ana mkono wa Mfumu, n'kubisa manja onse awiri m'matumba. Anakonza kukhosi.

"Mwini Dziko, anthu a Ndiyambendine," anayamba. "Kwa nthawi yaitali mtima wanga wakhala ukundipweteka. Kodi mpaka liti ife atsogoleri tidzakhala tikutsogola, anthu athu okondedwa akudikira pambuyo? Ine ndikuti zimenezi zithe lero. Mankhwala awa ayambe kulandira ndi anthu wamba."

Yotamu anasuntha ndi dengu lake kupita kwa Nduna ya Chuma. Iyo inati mawu a Nduna Yaikulu aikhudza kwambiri moti ikupereka malo ake kwa amasiye. Nduna ya Nkhondo inapereka ake kwa okalamba. A Ndavomera sanapezeke. Ena amati anawaona akulowa m'chimbudzi cha pamsika n'kudzikhomera. Akazi a nduna ndi alamu awo anali atabwerera kale m'mbuyo mpaka kusakanikirana ndi ogulitsa makala.

"Mwini Dziko, mukuvomereza?" anafunsa Yotamu.

Mfumu inakweza dzanja labwinolo mofooka. Mwina inkafuna madzi, koma mlembi analemba kuti yavomereza.

Mayi wa tomato uja anafunsa mnzake ngati mawu akuti anthu wamba akutanthauza iwowo kapena pali ena.

Yotamu sanadikire yankho. Anasiya dengu m'manja mwa msilikali, ananyamula bokosi la timabotolo, ndipo iye ndi dokotala anakwera kabaza aliyense wake. Jekete lija linakodwa m'masipoko a njinga n'kung'ambika, koma sanatembenuke. Anafika ku Pepani dzuwa lili pamwamba pa mitengo, anamwino atayamba kale kuwiritsa zipangizo zodulira. Nangondo anali atasiya nthabwala, milomo itauma, ndipo zimenezo zinamuopsa Yotamu kuposa mwendowo.

Anakhala pambali pa bedi akuyang'ana madontho a dilipi, atagwira dzanja la mkazi wake. Odwala ena awiri olumidwa, amene anali atagona m'chipinda chomwecho, nawonso anaikidwa madilipi awo. Yotamu analira, osabisa, ndipo palibe anamuletsa.

Kutupa kunaima. M'mawa mwake dokotala anadina mwendowo apa ndi apo, anauza anamwino kuti zipangizo zija azibwezere m'kabati, n'kupita kukagona. Nangondo anatsegula maso, anagwedeza zala zakuphazi chimodzichimodzi ngati akuziwerenga, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Jekete mwalitani?"

Yotamu anamufotokozera zonse: bodza la ku Tsidyalina, mano a mphiri, kukuwa kwa Mfumu, ndi mmene nduna zinakanganirana kupereka malo awo kwa anthu wamba. Nangondo anamvetsera mpaka pamapeto osadula mawu.

"A Kakamira ananena okha zimenezo? Ndi pakamwa pawo?"

"Pamaso pa msika wonse."

"Nanga njokayo aipha?"

"Bwalo likhala mawa kuti ligamule."

Nangondo anamukoka mkono kuti awerame.

"Mukaipemphere, a Kamwaza. Muzikaidyetsa bwino. Sukulu ya kwathu ija akadzamaliza kumanga, mudzapite nayo pamodzi ndi sizasi."